Si chilonda chilichonse cha kumaliseche chimene chili chindoko

Amalume anga ndi telala. Kwa zaka zoposa 20 akhala akupalasa makina osokera pakhonde la golosale ina ku Chibavi, ndipo ana ambiri a m'dera limenelo anayamba sukulu atavala yunifolomu yochokera m'manja mwawo. Chaka china, mu June muja Mzuzu amadzuka atafunda nkhungu, ndinaona kuti sakukhalitsanso pampando. Ankasoka mpendero umodzi, n'kuimirira, n'kuyamba kupinda nsalu zimene anali atapinda kale. Akafika kunyumba ankavula buluku n'kumanga chitenje cha akazi awo. Sacramento, kabaza wathu wa kuno, anasiya kukwera, ati anyamata a masiku ano sazemba maenje. Pamaliro ankasankha kumapeto kwa benchi, mbali imene mphepo ikulowera. Ife tinkangoti ndi ukalamba, poti zaka zinali zitakwana 61.

Tsiku limene anaulula anandiitanira kuseri kwa nyumba, pamulu wa nkhuni.

"Mphwanga, iwe unapita kusukulu. Kodi chindoko chimatha miyezi ingati?"

"Bwanji, amalume?"

Anayang'ana ku nthochi. "Ndabayitsa katatu. Palibe chikusintha."

Chilondacho chinali ndi miyezi 14. Sichinali chindoko. Inali khansa ya chida cha abambo, ndipo pamene madokotala ankaiona inali itadya kale mbali yaikulu ya mutu wa chidacho.

Miyezi 14 imeneyo sinatayike chifukwa chosowa chipatala. Mu Mzuzu zipatala zilipo, za boma, za mishoni ndi zolipira, zina zoyenda pansi kuchokera pakhonde lomwe ankasokera. Inatayika chifukwa cha chikhulupiriro chimene tonse tinayamwa, odwala, achibale, ogulitsa mankhwala, asing'anga, ngakhale ena mwa azachipatala: chakuti chilonda chikatuluka pamalo amenewo nkhani yake ndi imodzi basi, mwini wake anayenda njira zokhota. Tikangoganiza choncho, wodwala amabisa, wothandiza sayang'ana, mkazi amakwiya, ndipo khansa imapeza mpata wokula mwamtendere.

Vuto limayambira pakamwa. Dzina lenileni la chiwalocho aliyense amalidziwa, koma ukalitchula pagulu watukwana. Ndiye timazungulira: kumusi, kutsogolo, kumaliseche, chida. Anzathu a Chitumbuka, eni mzinda uno, nawonso soni zimawagwira pamalo omwewo. Munthu amene akulephera kutchula chiwalo angachionetse bwanji kwa namwino wa msinkhu wa mwana wake wamkazi? Amalume ndi mkulu wa mpingo. Kwa iwo kuvula buluku m'chipinda cha dokotala kunali ngati kuvomera mlandu umene sanapalamule. Akuluakulu sananame kuti manyazi anapha lambe.

Wina anena kuti ndikutaya nthawi ndi nthenda yosowa, ndipo pa chiwerengero akunena zoona. Nthambi yofufuza za khansa ya WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, inawerengera kuti mu 2020 amuna pafupifupi 36,000 padziko lonse anapezeka ndi khansa imeneyi, ndipo oposa 13,000 anamwalira nayo. Chaka chomwecho khansa ya khomo la chiberekero inagwira amayi oposa 600,000. Kuno kwathu abambo ambiri amene khansa imawatenga amapita ndi ya kummero, ya prostate (kachiwalo ka abambo kokhala pansi pa chikhodzodzo), kapena Kaposi, ija yotulutsa mawanga akuda pakhungu. Koma kusowa kwake si kofanana paliponse. Ku Ulaya ndi ku America imagwira pafupifupi mwamuna mmodzi pa 100,000 aliwonse pachaka. Kumene imachuluka ndi kumpoto chakum'mawa kwa Brazil, mbali zina za India, ndi mayiko a kuno monga Uganda ndi Eswatini, kwa anthu ofanana nafe: umphawi, madzi ovuta, dokotala kutali. Ndipo pali china chimene chimandisowetsa mtendere. Khansa ya kummero imabisala. Pofika poti nsima ikukanika kutsika imakhala itapita patali, ndipo kuti aione pamafunika makina. Iyi ili pakhungu, pachiwalo chimene mwamuna amachigwira kangapo tsiku lililonse. Ndi imodzi mwa khansa zochepa zimene mwini thupi angazione zikuyamba ndi maso ake, osalipira ngakhale tambala.

Onani mmene miyezi ija inayendera. Kanayamba ngati kachiphuphu kouma kunsonga, kosapweteka. Anagula makapisozi pamsika, ena n'kumwa, ena n'kutsegula ufa wake n'kuwaza pachilonda, monga timachitira ambiri. Kenako jivi, mpaka makabudula onse amkati anathimbirira. Zitakanika anapita ku kachipatala kena kolipira, kutali ndi kwawo kuti asakumane ndi owadziwa. Anati, "Ndili ndi kachilonda kumusi." Wothandizayo sanadzuke n'komwe pampando. Analemba, anawabayitsa jakisoni wa kuthako, anapereka mapiritsi, n'kuwonjezera kuti abwere ndi mayi akunyumba. Patapita miyezi iwiri anapita kwina, atagula buku latsopano la kuchipatala kuti zimene zinalembedwa m'loyamba lija zisaoneke. Kenako kwinanso, buku lachitatu. Pakati apo panalowa sing'anga wina wa kunja kwa mzinda, amene anati telala mnzawo anawatchera chifukwa cha nsanje ya makasitomala, n'kuwapatsa phulusa losakaniza ndi mafuta. Kunyumba nako kunayaka moto. Mayi atamva zoti nawonso akufunika kukabayitsa, anapinda mphasa n'kusamukira kuchipinda kwa ana.

Sindikufuna kusenzetsa azachipatala mlandu wonse. Njira yopereka mankhwala potengera zizindikiro, osadikira za kulabu, inabwera pa zifukwa zomveka, ndipo WHO ndi imene inailimbikitsa m'mayiko ngati lathu. Zilonda zambiri za kumaliseche ndi zopatsiranadi pogonana: chindoko, mabomu, ndi timatuza tija ta herpes. Munthu wochokera ku Mpherembe kapena ku Usisya sungamuuze kuti abwere mkucha kudzamva zotsatira. Uyenera kumuthandiza lero lomwelo. Koma njira yomweyo ili ndi mbali ziwiri zimene timazidumpha. Imati wodwala aonedwe ndi maso. Imatinso abwerenso pakatha sabata, ndipo ngati chilonda sichikusintha atumizidwe patsogolo. Mzere ukatalika mpaka panja, ndipo amene wakhala pampando ndi bambo wa imvi wooneka kuti safuna kuvula, awiriwo amagwirizana chamumtima kuti pasakhale zoyang'anana. Wina wapulumutsa mphindi zisanu, wina wapulumutsa ulemu. Amalume nawo anali ndi gawo lawo: pogula buku latsopano paliponse, anafufuta okha umboni umene ukadaonetsa munthu wachiwiri kuti jakisoni woyamba sanagwire ntchito.

Amalume atandiululira, Lolemba lotsatira ndinapita nawo ndekha kuchipatala. Wachipatala amene tinamupeza anali mnyamata wamng'ono ndithu, wa msinkhu wa mdzukulu wawo wamkulu. Anamvetsera, anatseka chitseko, n'kunena mwaulemu kuti, "Bambo, pepani, koma ndiyenera kuona." Ine ndinatuluka. Sipanathe mphindi zitatu anandiitana, kalata yowatumiza kwa madokotala a opaleshoni ili kale patebulo.

Funso la amalume lija linali ndi yankho lake. Chilonda choyamba cha chindoko chimapola chokha pakati pa masabata atatu ndi asanu ndi limodzi, ngakhale osamwa kanthu; nthendayo imatsala m'magazi, koma chilondacho chimatseka. Timatuza ta herpes timapweteka, timaphulika, timauma m'masabata awiri kapena atatu, n'kudzabweranso nthawi ina. Chilonda chokhala malo amodzi, chosatseka, chomakula pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, mankhwala atamwedwa, chili m'gulu lina. Malire amene madokotala ambiri amapereka ndi masabata anayi. Chilichonse chachilendo pachida chimene chakwanitsa masabata anayi chisanathe chiyenera kuonedwa ndi maso a wachipatala, kaya mwini wake ndi mbusa, kaya ndi woyendayenda.

Khansayi, pafupifupi 95 pa 100 iliyonse, imayambira m'maselo a pamwamba pa khungu, makamaka pamutu wa chida kapena mkati mwa khungu lakunsonga. Nthawi zina imabwera ngati chilonda cholimba m'mphepete. Nthawi zina ndi chotupa chonga njerewere, chimene chikamakula chimachita timabulu ngati kolifulawa. Nthawi zina ndi chigamba chabe, chosatukuka n'komwe, chimene mtundu wake wasiyana ndi khungu lozungulira. Apa mabuku amatisocheretsa pang'ono. Amati chigamba chofiira, chifukwa zithunzi zake zambiri anajambula pathupi la azungu. Pakhungu lakuda chikhoza kuoneka chotuwa, chakuda kuposa pozungulira, kapena chonyezimira ngati chanyowa. Khungu likhoza kukhuthala n'kumamveka ngati chikopa ukalikhudza. Pamakhala timadontho ta magazi pakabudula wamkati popanda kuvulala. Pamakhala mafinya kapena madzi otuluka pansi pa khungu, a fungo losamva sopo, lomwe lija linkawakhazika amalume kumapeto kwa benchi. Chonyenga chachikulu n'chakuti poyamba sichipweteka. Ife tinazolowera kuti matenda ndi ululu, kuti chimene sichikukugoneka pamphasa chingathe kudikira mpaka titakolola. Pofika poti ululu wayamba, kapena mkodzo ukutuluka movutikira, khansa imakhala italowa mkati.

Ndiye pali mwanabere. Tonse tinakula tikudziwa kuti ukapunthwa chala cha kuphazi n'kuchita mafinya, m'mphechepeche mumatupa, ndipo chala chikapola namonso mumaphwa. Khansa ya chida ikayamba ulendo, malo ake oyamba kufikira ndi omwewo. Chotupa cholimba m'mphechepeche, chosaphwa, pamodzi ndi chilonda chosapola pachida, si nkhani yodikira malipiro a mwezi. Si kutupa kulikonse kumene kuli khansa, poti chilonda chikalowa tizilombo nachonso chimatupitsa, koma kusiyanitsa kwake si kwa pakhomo. Chimene chimagamula ndi kutapa kanyama kakang'ono pachilondapo, atabaya mankhwala ochititsa dzanzi, n'kukakapima kulabu.

Pa zoyambitsa ndiyamba ndi chimene sindinachimvepo pawailesi. Pali amuna amene khungu lawo lakunsonga ndi lothina, silibwerera m'mbuyo kuti mutu uonekere. Madokotala amati phimosis. Kwa mwana wamng'ono zimenezi n'zachibadwa, ndipo amayi asamalikoke mokakamiza posambitsa; limamasuka lokha mwana akamakula. Kwa munthu wamkulu ndi vuto, ndipo ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimakweza kwambiri chiopsezo cha khansayi. Ena anakula nalo osadziwa kuti anzawo sali choncho, poti amuna sitionetsana. Ena limawayamba ku ukulu. Matenda a shuga, amene achuluka m'tauni muno, amabweretsa kutupa ndi kuyabwa kobwerezabwereza kunsongako. Khungu limang'ambika, limapola ndi zipsera, limang'ambikanso, mpaka pakamwa pake kuchepa. Palinso nthenda ina ya pakhungu yotchedwa lichen sclerosus, imene imaliyeretsa ndi kuliumitsa ngati pepala. Pansi pa khungu lotsekeka mumatsalira mkodzo ndi zoyera zija zonga chambiko, mumatentha, mumanyowa, ndipo mnofu umakhala wonyeka zaka ndi zaka. Mnofu wongokhalira kunyeka ndi kupola ndi umene maselo ake amadzasokonekera. Khungu lomwelo limaphimbanso chilonda chikayamba, moti mwini wake amangomva fungo ndi kulimba koma sakuona kanthu. Amalume anali atakhala zaka pafupifupi 10 khungu lisakubwerera bwino. Iwo ankati ndi mmene ukalamba umayendera.

Za kusamba ndizinena mosamala, chifukwa n'zosavuta kunyoza wodwala kuti ndi wauve. Amalume ndi munthu wosita ngakhale kampango ka m'thumba. Nkhani ndi yoti palibe anatiphunzitsa. Atsikana ali ndi anamkungwi ndi azakhali. Mnyamata wa m'tauni amene sanapite kudambwe kapena kundagala amaphunzira kusamba yekha, ndipo mu July wa ku Mzuzu, madzi a m'ndowa akulasa ngati singano, mphepo ikulowa m'bafa la udzu, amathira kumutu, m'khwapa, kumapazi, n'kuthawa. Chofunikacho n'chaching'ono: kubweza khungu, kutsuka ndi madzi, kupukuta, n'kulibwezeretsa pamalo pake, tsiku lililonse. Bambo amene amaphunzitsa mwana wake kupalasa njinga sangalephere kumuuza zimenezi.

Choyambitsa chachiwiri chimandivuta, chifukwa chikuoneka ngati chikutsutsa mutu wa nkhani yanga. Pafupifupi theka la khansa za chida limayamba ndi kachilombo ka HPV, ndipo kameneka kamafala pogonana. Ndi komweko kamene kamayambitsa khansa ya khomo la chiberekero. Mitundu yake ndi yoposa 100. Ya nambala 6 ndi 11 imatulutsa njerewere za kumaliseche, pamene 16 ndi 18 ndi imene imabala khansa, ndipo kwa abambo wamkulu wake ndi 16. Ndiye kodi mayi aja sanalondole posamuka? Ine ndikuti analakwitsa, ngakhale ndikuwamvetsa. HPV ndi kofala kwambiri moti anthu ambiri amene anagonanapo amakatenga nthawi ina m'moyo wawo, ngakhale ena amene anadziwa munthu mmodzi yekha. Kondomu imachepetsa koma siitsekereza kotheratu, poti kamadutsa pakhungu ndi khungu. Kwa ambiri thupi limakachotsa lokha m'chaka chimodzi kapena ziwiri, mwini wake osadziwa n'komwe. Kwa ochepa kamakhalira, n'kudzabala khansa patapita zaka 10, 20 kapena kuposerapo. Khansa ya bambo wa zaka 61 singakhale umboni wa kumene anagona mwezi watha. Ikhoza kukhala ya pa unyamata wake, ikhoza kukhala ya m'banja momwemo, kapena ikhoza kukhala ya theka lina lija losakhudzana ndi kugonana. Khansa yeniyeniyo sipatsirana. Kugona chipinda chimodzi kapena kuchapa zovala za wodwala sikungakupatse. Chimene mkazi wa wodwala ayenera kuchita ndi kukayezetsa khomo la chiberekero, osati kuitana ankhoswe.

HIV imasonkhezera moto womwewu. Chitetezo cha m'thupi chikatsika, HPV sikachoka msanga, ndipo khansa imatha kubwera pa msinkhu wocheperapo. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2020 mpaka 2021 anapeza kuti 8.9 pa anthu 100 aliwonse a zaka 15 kupita m'tsogolo ali ndi HIV. Ambiri mwa abambo amenewa ali kale pamaso pa azachipatala pokatenga ma ARV, ndipo funso limodzi loti "kumusi kuli bwino?" silingatalikitse mzere. Fodya naye ali m'gulu. Poizoni wa utsi sathera m'mapapo, amayenda ndi magazi, ndipo osuta ali pachiopsezo chachikulu kuposa osasuta. Mumzinda umene uli ndi okushoni yake ya fodya, mmene chingambwe amapichira pachidutswa cha nyuzipepala, zimenezi n'zofunika kuzinena ngakhale sizikoma. Pamwamba pa zonsezi pali msinkhu: ambiri opezeka nayo ndi opitirira zaka 50, anthu amene uthenga wathu wa zaumoyo wa kumaliseche unawaiwala kalekale, ngati kuti munthu akachita zidzukulu chiwalocho chimachoka.

Tsopano mdulidwe, nkhani imene kumpoto kuno imautsa mapiri pachigwa. Mu 2007 WHO inavomereza mdulidwe wa kuchipatala ngati njira yochepetsera HIV, pambuyo pa kafukufuku wa ku Orange Farm ku South Africa, ku Kisumu ku Kenya ndi ku Rakai ku Uganda, amene anaonetsa kuti umachepetsa mwayi woti mwamuna atenge kachilomboko kwa mkazi ndi pafupifupi 60 pa 100. Dziko lathu linatsatira patapita zaka zingapo. Chigawo chakumpoto ndi chimene chili ndi amuna odulidwa ochepa kwambiri, poti si mwambo wa Atumbuka, Atonga, Angoni kapena Ankhonde monga uliri kwa Ayao a ku Mangochi ndi Machinga. Pa khansa, zoona zake ndi izi. Amene anadulidwa ali khanda kapena mwana wamng'ono sagwidwa nayo kawirikawiri. Odulidwa atakula chitetezo chawo pa khansayi sichifika pamenepo, ngakhale kuti mdulidwewo umachepetsa HPV ndi HIV ndipo umathetseratu vuto la khungu lothina. Choncho sindikuuza bambo aliyense wa ku Ekwendeni kuti athamangire mpeni. Amene khungu lake limabwerera bwino ndipo amatsuka asagone ndi mantha, ndipo wodulidwa asaganize kuti chilonda chake sichifunika kuonedwa. Dandaulo langa ndi loti uthenga wonse wa mdulidwe tinaumangirira pa anyamata ndi pa HIV, zikwangwani zake zodzaza achinyamata akumwetulira, moti bambo wa zaka 55 wa khungu lotsekeka, amene ndi woyamba kuufuna, amaona ngati ndi za ana kapena za chipembedzo cha ena. Kwa iyeyu mdulidwe ndi mankhwala, chimodzimodzi kuzula dzino lobooka.

Katemera wa HPV anayamba kuyesedwa m'dziko muno mu 2013, m'maboma a Zomba ndi Rumphi, pafupi pompa, ndipo mu January 2019 anafalikira dziko lonse kwa atsikana a zaka 9. Australia inayamba kubaya anyamata mu 2013, Britain mu 2019, ndipo ena akuti nafenso titero. Tsiku lina inde. Koma ine sindingaike anyamata patsogolo pamene Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero ikupha amayi kwambiri padziko lonse. Atsikana ambiri akabayidwa, kachilomboko kamasowa podutsa, ndipo anyamata a msinkhu wawo amatetezeka nawo. Bambo amene amaletsa mwana wake wamkazi kubayitsa chifukwa cha mphekesera ya pa WhatsApp yoti katemerayu amatseka kubereka, akuika pangozi mwanayo pamodzi ndi mkamwini amene sanamuonebe.

Tisanamizane, chimene chimabisitsa abambo kwenikweni ndi mawu amodzi: akakudula. Ndipo si bodza. Khansa ikalowa mkati, chithandizo chake ndi opaleshoni yochotsa mbali ya chida kapena chonse, nthawi zina pamodzi ndi zotupa za m'mphechepeche. Palibe mwamuna amene angamve zimenezi mtima uli m'malo. Koma kukula kwa chodulidwacho kumatengera tsiku limene wafika. Ikadali pamwamba penipeni pa khungu, pali mafuta opaka amene amaiwotcha, kapena amangochotsa kachigamba kokhako. Ikakhala pakhungu lakunsonga lokha, mdulidwe wamba ukhoza kukwanira. Ziwerengero za ku America zimaonetsa kuti pa amuna 10 amene khansayi yapezeka isanachoke pachida, pafupifupi 8 amakhala ali moyo patapita zaka zisanu; ikafika m'mphechepeche, pafupifupi theka; ikafalikira kutali m'thupi, mmodzi yekha. Kumeneko n'kumene kuli makina onse. Kuno Mzuzu Central Hospital, chimene chinatsegulidwa mu 2000, chimalandira otumizidwa kuchokera ku Chitipa, Karonga, Rumphi, Nkhata Bay, Likoma ndi Mzimba yense, ndipo wofunika chithandizo chapadera cha khansa ulendo wake ndi wa ku Lilongwe, makilomita oposa 300 pamsewu wa M1, ndi womudikirira, ndi ufa, ndi ndalama ya basi kupita ndi kubwera kangapo. Kwa telala wa pakhonde, kusiyana kwa mwezi woyamba ndi mwezi wa 14 ndi kusiyana kwa tsiku limodzi kuchipatala ndi kugulitsa makina.

Ndikadakhala ndi mphamvu ndikadayamba ndi azachipatala, chifukwa ndi iwo amene angasinthe zinthu mawa lomwe popanda bajeti. Chilonda chimene sunachione usachilembere mankhwala. Bambo akapempha kuti amuone mwamuna mnzake, apatsidwe mwayiwo popanda kumunyogodola. Wobwera ndi buku latsopano afunsidwe kuti chinayamba liti ndipo wabayitsa kangati. A m'mafamase nawo akaona nkhope yomweyo ikubwera kachitatu kudzagula zomwezo monong'ona, adziwe kuti si makasitomala abwino amenewo, ndi munthu amene akumira. Madodana ndi magulu ena a abambo m'mipingo amakumana sabata ndi sabata, amakambirana za chakhumi ndi za malata a tchalitchi. Mphindi 10 za namwino wamwamuna sizingagwetse mpingo. Ndipo amayi, amene amachapa, amaona magazi pakabudula mwamuna asanatsegule pakamwa. Ndikudziwa kuti ambiri anapsa kale ndi zochita za amuna ndipo kukayikira kwawo kuli ndi pochokera. Komabe funso loti "ndi ndani?" likhoza kudikira, loyamba likhale loti "chayamba liti?"

Amalume anawachita opaleshoni. Mbali anachotsa, ina inatsala, ndipo anachita mwayi kuti m'mphechepeche inali isanafike. Anabwerera pamakina patapita miyezi inayi, mayi nawo anabweza mphasa ija mwakachetechete, osapepesa, osapepesedwa. Amapitabe kukaonedwa masiku amene anawapatsa. Nditawauza kuti ndikufuna kulemba nkhaniyi, anakhala chete nthawi yaitali akulowetsa ulusi pasingano, kenako anati, "Lemba, mphwanga, koma dzina langa ulisiye."

M'mawa mwake anandipatsa jumbo, m'kati mwake muli mabuku atatu aja a kuchipatala. Ndawawerenga kangapo. Lililonse lili ndi tsamba limodzi lolembedwa: deti, zilembo zitatu za Chingerezi zoimira chilonda cha kumaliseche, ndi mayina a mankhwala omwewo. Palibe ngakhale limodzi lonena kuti chilondacho chinali chachikulu bwanji, kapena kuti chinayamba liti.